Njinga ya m'phiri ndi khasu la m'njira

Ana inu, mukaima m'mbali mwa msewu wa ku Dowa kapena wa ku Ntchisi m'mamawa, njinga zambiri zimene zimadutsa mumazidziwa kale. Iyi ndi ya akabaza, ili ndi khushoni pa keliyala. Iyo ndi ya bambo amene akupita kuchigayo ndi thumba la chimanga. Inayo yasenza nkhuni mpaka wopalasa sakuoneka n'komwe. Koma mwa apo ndi apo pamadutsa njinga yachilendo. Ilibe keliyala, matayala ake ndi onenepa ndiponso a mano, ndipo wokwerapo wavala chipewa cholimba kumutu. Katundu wake yense ndi botolo la madzi basi. Akafika pamphambano amausiya msewu wabwinobwino n'kukhotera m'kanjira ka miyala kopita kuphiri. Agogo akamuona amagwira pakamwa: "Koma ameneyu zikumuyendera? Thukuta lonselo popanda katundu?"

Zikumuyendera ndithu. Amene uja ali pa masewera, monga mmene inu mumathamangira mpira dzuwa lili pamutu popanda wokulipirani. Masewerawa ndi opalasa njinga m'mapiri ndi m'nkhalango, ndipo amene amawakonda amachita kufunafuna njira yovuta: ya mizu, ya miyala, yokhotakhota, yotsetsereka. Njira ikakhala yosalala amati yasukuluka.

Dera lathu lino lili ndi njira zotere zambirimbiri. Kumvuma kwa Dowa ndi Ntchisi ndi kumene chigwa chokwera cha chigawo chapakati chimathera, dziko n'kuyamba kutsika modukaduka kulowera kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota. N'chifukwa chake ukachoka ku Mponela dziko limaoneka lathyathyathya, koma ukangoyandikira ku Kongwe, ku Mvera kapena kuphiri la Ntchisi, basi chitunda, mtsetse, chitunda, mtsetse.

Phiri la Ntchisi ndi lalitali mamita opitirira 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Nkhalango yake inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1924, ndipo ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zimene zatsala m'Malawi zokhala zobiriwira chaka chonse. M'munsi mwa phiri muli mitengo imene mumaidziwa, ya tsamba, mombo ndi masuku, momwe amayi amazulamo bowa nthawi ya dzinja. Koma mukakwera pamwamba zinthu zimasintha. Mitengo ndi italiitali, nthambi zake zinagwirana kumwamba moti pansi pamakhala mdima ndi chinyontho ngakhale masana. Pali akachere amene anamera pa mitengo inzawo n'kuikulunga ndi mizu mpaka kuipha. Pali anyani, nchima, mbawala, nguluwe, agulugufe osawerengeka, komanso linthumbu limene limadula njira mumzere wakuda bii. Mukaliponda mutaima, mudzavina popanda ng'oma. Akuluakulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 anthu a kuno ankathawira m'nkhalango imeneyi pobisalira nkhondo za Angoni. M'mphepete mwake muli nyumba imene inamangidwa mu 1914 kuti muzikhala bwanamkubwa wachitsamunda wa boma, ndipo lero ndi malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge. Alendo ena amene amafika kumeneko amayenda wapansi m'tinjira ta m'nkhalango, ena amapalasa njinga m'zitunda ndi m'midzi yozungulira.

Njinga ya m'phiri yasiyana pati ndi ya kwathu?

Tiyambe ndi chinthu chimene mungathe kuchiona nokha lero lomwe. Pemphani njinga ya kunyumba, muigoneke chagada, muwerenge mano a gudumu lalikulu la tcheni limene lili pa mapedulo. Kawirikawiri mupeza mano opitirira 40. Kenako muwerenge a kagudumu kakang'ono ka kumbuyo, mupeza 18 kapena 20. Tanthauzo lake n'lakuti mukapalasa kamodzi, tayala la kumbuyo limazungulira kawiri ndi kakuti. Pamalo athyathyathya zimenezi ndi zabwino chifukwa njinga imathamanga. Koma pachitunda mwendo wanu umayenera kukankha mtunda wonse wa kuzungulira kuwiri kuja ndi kuponda kumodzi, ndiye mphamvu zimakutherani, mumatsika n'kuyamba kukankha.

Njinga ya m'phiri ili ndi magiya. Zambiri za masiku ano zili ndi gudumu limodzi kutsogolo la mano pafupifupi 32, ndipo kumbuyo kuli timagudumu mpaka 12 tosanjikizana, kakang'ono kwambiri ka mano 10, kakakulu ka mano 50 kapena kupitirira pang'ono. Wopalasa akaika tcheni pa gudumu la mano 50, amapalasa kamodzi koma tayala silimaliza n'komwe kuzungulira. Njinga imayenda pang'onopang'ono, mwina mwana woyenda wapansi n'kuipitirira, koma miyendo silema ndipo chitunda chimatha munthu asanatsike. Magiya sawonjezera mphamvu ayi. Amangoigawa ntchito m'tizidutswa ting'onoting'ono.

Matayala ake ndi otambalala pafupifupi masentimita 6, ndipo sawapopa mpaka kulimba gwa ngati a kabaza. Tayala lofewerapo likaponda muzu limaukumbatira m'malo modumphapo. Ena alibe n'komwe chubu. M'kati amathiramo timadzi tonanda, ndipo minga ikalasa timadzito timathamangira pabowo n'kuuma, mpweya osatha. Pa foloko ya kutsogolo pali mashoko amene amabwerera m'kati tayala likagunda mwala, kuti manja asachite dzanzi. Mabuleki ake sagwira limu. Amafinya kambale kachitsulo kamene kali pakati pa gudumu, kutali ndi matope.

Njinga zoterezi n'zodula, zina mtengo wake umaposa wa njinga yamoto. Koma musafulumire kuganiza kuti luso lili mu mtengo. Bambo amene amatsika mtsetse wa ku Mvera atamangirira matumba awiri a mtedza pa njinga yopanda giya ngakhale imodzi, ine ndimamuwerengera m'gulu la akatswiri. Akudziwa pogwira buleki, akudziwa popendekera, akudziwa potsika n'kuyenda wapansi. Zimenezi ndi zomwenso akatswiri a mpikisano amaphunzira.

Nazi zina mwa izo. Potsika phiri sakhala pa chishalo. Amaimirira pa mapedulo, phazi lina kutsogolo lina kumbuyo molingana, mawondo ndi zigongono atapinda, kuti njinga izivina pansi pake iye thupi lili phee. Maso sayang'ana mwala umene akuuopa, chifukwa njinga imapita kumene maso apita. Amayang'ana mpata umene akufuna kudutsamo. Muzu wonyowa saudutsa mopendekera, amaulunjika mopingasa, apo ayi tayala limaterereka. Mabuleki amagwira onse awiri mofatsa asanafike pokhota. Mukafinya la kutsogolo lokha mwadzidzidzi, mumauluka pamwamba pa mahandulo. Mukafinya la kumbuyo lokha, tayala limaleka kuzungulira n'kumakhwekhwereza dothi. Mawu akuti kukhwekhwereza dothiwa muwasunge, tibwererako.

Ndipo inu amene mumaponda tayala ndi patapata chifukwa mabuleki anatha kalekale, ndakuonani. Musayerekeze kutero pamtsetse.

Anayamba ndani?

Anthu akhala akupalasa njinga m'njira zoipa chiyambire njinga, chifukwa kale misewu yonse inali yafumbi. Koma masewera amene tikuwaona lerowa anayamba m'zaka za m'ma 1970 ku Marin County, m'chigawo cha California ku America. Achinyamata ena, monga Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly, ankatola njinga zakale zolemera zimene anthu anazitaya, n'kumatsika nazo mapiri. Mu Okutobala 1976 anayambitsa mpikisano wotchedwa Repack pa msewu wafumbi wotalika makilomita atatu ndi pang'ono, umene umatsika mamita pafupifupi 400. Mabuleki a njinga zimenezo anali a m'kati mwa habu, ogwira popalasa chobwerera m'mbuyo. Pofika pansi habu inkatentha mpaka girisi kufuka utsi, moti ankayenera kumasula n'kupakanso wina asanakwerenso. Gary Fisher anatsikapo mtunda umenewu m'mphindi 4 ndi masekondi 22. Panalinso mtsikana, Wende Cragg, amene ankapikisana nawo komanso kujambula zithunzi zimene anthu amaonerapo mbiriyi lero.

Mu 1977 Joe Breeze anawotcherera felemu yatsopano yopangidwira m'phiri mwenimweni, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa njinga zotere zambirimbiri. Masewerawa analowa m'mpikisano wa Olimpiki mu 1996 ku Atlanta. Kuno ku Africa, Adrien Niyonshuti wa ku Rwanda anapikisana nawo pa Olimpiki ya ku London mu 2012, ndipo Alan Hatherly wa ku South Africa anapata mendulo ya nambala 3 ku Paris mu 2024. Kwathu kuno mpikisano wodziwika wa njinga za m'phiri wakhala ukuchitikira ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya ku Mzimba.

Mdani wa njira

Tsopano tafika pamtima pa nkhani. Kodi chimene chimawononga njira ya m'phiri n'chiyani? Ambiri mungayankhe kuti mapazi, ziboda za ng'ombe kapena matayala. Mwakhoza theka. Zimenezi zimangoyambitsa. Womaliza ntchito ndi madzi.

Zimayenda chonchi. Anthu akamaponda malo amodzi tsiku ndi tsiku, udzu umafa, dothi limalimba, ndipo pakati pa njira pamalowa pansi pang'ono. Wanjinga uja akakhwekhwereza tayala amakanda kamzere n'kusiya dothi lofumbutuka. Mvula ya Disembala ikagwa, madzi amene akanamwazikana m'udzu amapeza kamzere kaja n'kuyamba kutsata njira. Akamatsika amakumana ndi anzawo, amachuluka, amathamanga. Madzi akawirikiza liwiro lake kawiri, mphamvu yake imakula kanayi. Amanyamula dothi, kenako timiyala, kenako miyala ndithu. Chaka choyamba ndi kangalande kofika m'kakolo. Chaka chachitatu ndi chigwembe chofika m'chiuno. Anthu amachilambalala n'kuponda njira ina pambali, nayonso n'kukumbika. Pitani pa chitunda chilichonse cha katondo ku Dowa, mukapeza tinjira titatu kapena tinayi togundizana, takale tonse titasanduka zigwembe. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Mukangowasonyeza kamodzi, chaka chilichonse adzabwera pomwepo.

Dothi lokokolokalo silithera pamenepo. Mitsinje yochokera m'mapiri a Ntchisi imatsikira ku Nkhotakota, ina imathira m'thamanda la Chia limene limalumikizana ndi nyanja. Dothi limene lachoka pa njira ya kuphiri limakakwirira malo oswanirana nsomba kumeneko. Msodzi wa ku Chia sanamuonepo mwana amene amakhwekhwereza tayala ku Ntchisi, koma nkhani yawo ndi imodzi.

Ku California kuja, opalasa njinga atachuluka, anthu oyenda wapansi ndi oyang'anira nkhalango anayamba kudandaula, ndipo njira zambiri zinatsekedwa kuti njinga zisamadutsemo. Mu 1988 magulu a opalasa anagwirizana n'kukhazikitsa bungwe lotchedwa International Mountain Bicycling Association, mwachidule IMBA. Anazindikira kuti kukangana kokha sikuwatsegulira njira. Anayamba kutenga makasu, mapiki ndi mafosholo, kupita kwa oyang'anira nkhalango n'kunena kuti, tiloleni tizikonza tokha njira zimene timayendamo. Mpaka lero m'mayiko ambiri magulu a njinga amakhala ndi masiku ogwira ntchito m'njira. Palibe malipiro. Munthu amabwera ndi kamba wake, amakumba mpaka masana, n'kubwerera kwawo ali matope okhaokha.

Pogwira ntchitoyi anaphunzira malamulo angapo, ndipo ndi osavuta moti mwana wa Sitandade 5 angawamve. Njira isalunjike phiri kuchokera pamwamba mpaka pansi, chifukwa kumeneko ndi kumene madzi amafuna kupita. Iziyenda chopingasa m'mbali mwa phiri, kukwera pang'onopang'ono, pafupifupi mita imodzi pa mamita 10 aliwonse. Kupendekeka kwa njira kusapitirire theka la kupendekeka kwa phirilo, kuti madzi aone kuti kudumpha njira n'kwapafupi kuposa kuitsata. Njirayo ipendekere pang'ono kumunsi: ngati ndi yotambalala mita imodzi, mbali ya kumunsi itsike ndi masentimita 5 okha. Phazi silimva n'komwe, koma madzi amamva. Ndipo pakapita kamtunda, njira yokwera itsike pang'ono kenako ikwerenso. Madzi sangakwere chitunda, choncho akafika pakadzenje kameneko amakhotera kutchire asanasonkhanitse mphamvu. Chosangalatsa n'chakuti kukwera ndi kutsika kumeneku ndi kumenenso opalasa amakukonda kwambiri, ndiye chothandiza dothi chathandizanso masewera.

Mwana wa mlimi akamva zimenezi ayenera kumwetulira, chifukwa si zachilendo. Ndi nzeru yomwe ija ya akalozera. Mwaonapo alangizi a zaulimi atatenga mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo cha A, pakati palendewera chingwe cha mwala, akuyeza m'munda wotsetsereka n'kumakhoma zikhomo? Amafuna mizere iyende mopingasa kuti madzi aime n'kulowa pansi, ndipo pa akalozerapo amadzalapo udzu wa vetiva woti ugwire dothi. Wokonza njira ndi wolima munda akulimbana ndi mdani mmodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi amafuna madzi akhale m'munda, pamene wokonza njira amafuna adutse msanga apite m'udzu.

Taonani mmene amakonzera malo amodzi oipa. Tinene kuti pali pamalo pamene madzi amaima, pamakhala thope chaka chonse. Munthu wosadziwa amathirapo dothi, mvula yotsatira n'kulisandutsa phala. Wodziwa amayamba waima n'kuyang'ana kumene madzi akuchokera ndi chimene chikuwatsekera. Kawirikawiri amapeza kuti m'mphepete mwa njira, mbali ya kumunsi, mwaunjikana kamtumbira ka dothi ndi masamba. Amakasalaza ndi khasu motambalala, osati kangalande kopyapyala kamene kangatsekeke ndi masamba awiri. Dothi lakuda la pamwamba amaliwaza kutchire chifukwa limasunga madzi, njira imafuna dothi lolimba la pansi. Ngati pali kasupe woti sangaphwe, amafuna miyala ikuluikulu yoti munthu mmodzi avutike kuinyamula, amaikwirira mbali yaikulu pansi, mbali yosalala kumwamba, n'kutsekera timiyala m'mipata. Pomaliza amapondaponda. Mwala ukagwedera ndiye kuti ntchito sinathe. Kanjira kachidule kamene anthu anatsegula pambali amakatseka ndi nthambi zouma kuti udzu umerenso.

Ntchito ina ndi yopepuka: kusadza nthambi zimene zingalase munthu m'maso, kutchetcha udzu ndi chitedze, kuchotsa mtengo umene wagwera m'njira ndi mphepo, kutola mapepala ndi mabotolo. Nthawi yabwino yoyeretsa potulukira madzi ndi mvula isanayambe, cha mu Okutobala ndi Novembala. Yokumba ndi kuumba njira imakoma dothi likadali lachinyezi, mvula ikamatha cha mu Epulo.

Kugwira ntchito limodzi popanda malipiro sitinaphunzire kwa anthu a ku California ayi. A mfumu akamema mudzi kuti tikalambule njira ya kuchitsime, ya kusukulu kapena ya kumanda, anthu amatuluka ndi makasu ndi zikwanje. Agogo anu angakusimbireni za dima, pamene anthu ankalimira limodzi munda wa mnzawo n'kumwa thobwa kapena mowa pomaliza. Angakuuzeninso za Sabata ya Achinyamata m'nthawi ya Kamuzu Banda, pamene ana asukulu ankakonza misewu ndi milatho. Masiku ano m'midzi yambiri muli makomiti oyang'anira zachilengedwe, amene lamulo la nkhalango la 1997 limawazindikira, ndipo amalambula m'malire mwa nkhalango kuti moto wolusa usalowe. Chimene tingatengeko kwa anzathu a njinga ndi diso loona madzi. Nthawi zambiri ife tikamalambula timapala udzu wonse mpaka dothi kuyera, n'kusiya njira ili mbee, yolunjika kumtsetse. Imaoneka bwino sabata imodzi. Kunena zoona, njira yotero taikonzera mvula, osati anthu.

Pali zinanso zimene wopalasa wa ulemu amasunga. Njira za kuno si bwalo la masewera lokha. Mumadutsa amayi osenza nkhuni ndi ndowa, ana opita kusukulu, mbuzi ndi ngolo. Wapansi ndiye mwini njira: chepetsani liwiro, imbani belu mukadali patali, perekani moni, ndipo ngati ndi akuluakulu m'kanjira kopanikiza tsikani ndithu. Mvula ikangogwa kumene, m'njira za katondo musapalasemo, chifukwa tayala limasiya mzere umene ukauma umakhala ngalande. Ndipo kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, kwawo kwa Gule Wamkulu, aliyense amadziwa kuti msitu wa kumanda ndi kudambwe si malo otsegulako njira, ngakhale mtsetse wake utakoma bwanji. M'nkhalango ya boma namonso simulowa ndi khasu kapena chikwanje mwa inu nokha. Mumayamba mwapempha kwa a zankhalango.

Ndiye nayi ntchito yanu ya sabata ino, ndipo sikufuna njinga. Mvula ikagwa n'kukata, ziphaliwali zitaleka, tengani mnzanu muyende njira yanu ya kusukulu. Osayandikira mtsinje wodzaza kapena kulowa m'chigwembe. Pezani pamene madzi alowera m'njira, muwatsate mpaka pamene atulukira, muwerenge mapazi. Onani pamene asiya mchenga ndi pamene akumba. Jambulani zimenezi m'kope, mukawaonetse aphunzitsi kapena a kalabu ya zachilengedwe pasukulu panu, ndipo muwapemphe kuti akalankhule ndi a mfumu za tsiku loti kalasi yonse ibwere ndi makasu.